Zilembo Zazikulu Pakhoma

Lolemba, 6 Okutobala

Atipatsa mutu wa asayimenti yomaliza. UKALAMBA. Basi, liwu limodzi. Aphunzitsi athu, amene ana a m'kalasi amawatcha a Chepetsani, analilemba pa bolodi n'kutembenuka akumwetulira ngati atigawira mphatso. Akuti aliyense adulepo kachigawo kake kakang'ono, apeze mawu ofufuzira ku laibulale, abwere nazo Lachisanu la sabata yamawa. Mutu ukakanidwa palibe kulemba, ndipo wosalemba abwereza chaka. Ine pa msinkhu wangawu kubwereza chaka? Ndiye kuti ndikalambira m'kalasi momwemo, n'kusanduka chitsanzo.

Aphunzitsi atangotuluka, anawo anayamba kukokerana mipando. Wina anati, "Anti, inu ndiye mwaphweketsedwa, mutuwu mwayandikana nawo kale." Anaseka, nanenso ndinaseka, nanga n'kutani. Pa gulu lawo la pa foni sanandiikepo. Mwina anangoiwala.

Kunyumba ndapeza bambo pampando wawo wa pawindo. Chimwalirire mayi, ndiponso chiyambire shuga kuwadya maso, akukhala ndi ine. Munthu amene moyo wake wonse ankalemba zikwangwani za masitolo ndi mabasi, lero akuti pa nyuzipepala amangoonapo nyerere. Zilembo zazikulu zokha ndizo amaziona, akayandikitsa mphuno. Ndiye amawerenga mokweza katoni ya sopo, thumba la mpunga, kalendala ya ku famase kumene ndimagwira ntchito, uku akudzudzula. Lero anati, "S uyu anamulemba ndani? Akuoneka ngati waledzera."

Achimwene aimbanso. Nkhani yomweija: chipinda chilipo, alamu amakhala pakhomo tsiku lonse, bambo apite kwao. "Iwe ntchito, sukulu, kuwonjezanso bambo. Ufa nazo zimenezi." Ndakana ngati kale. Chifukwa chenicheni sindinawauze. Bambo akachoka, muno titsala awiri, ine ndi firiji.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa mashelefu a mankhwala, ndinapanga mutu wanga: "Mavuto a okalamba m'mizinda ndi m'midzi, kale ndi lero, pa thanzi, pa chuma ndi m'banja." Ndinaukonda. Unkamveka ngati wa munthu wophunzira.

Madzulo ndinawapeza a Chepetsani m'khonde. Anawerenga, n'kuvula magalasi. "Mayi, mukufuna kulemba asayimenti kapena kusenza dziko? Chepetsani." Ndinati zonsezi n'zofunika. Iwo amvekere, "Ichi chakoma ichi chakoma, mukudziwa mmene pusi anathera."

Ndabwera pa basi. Bambo anali atadya kale buledi wouma, akuti sanafune kuyatsa mbaula ndili kutali.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ku laibulale koyamba. Chaka chonse ndakhala ndikungoidutsa ngati polisi.

Ndinakhala pa kompyuta n'kulemba chiganizo chathunthu, chaulemu wake: chonde ndikufuna mabuku onena za mavuto amene okalamba amakumana nawo. Inayankha kuti palibe chopezeka. Ndinafufuta zonse n'kusiya "ukalamba" yekha. Mayo ine! Zikwizikwi. Mpaka kukalamba kwa milatho, kwa mitengo, kwa matayala. Ndinangoti kakasi, manja pa tebulo.

Mayi woyang'anira laibulale anandiona. Wa imvi pang'ono, juzi yotuwa, amalankhula monong'ona ngakhale mulibe anthu. Anati, "Kompyuta si munthu, simuipempha. Mumangoiponyera mawu awiri kapena atatu, koma akhale oyenera." Kenako anayamba kundifunsa. Okalamba ake ati? Ali kuti? Akukhala ndi ndani? Chikuwachitikira n'chiyani? Ndinkangoyankha kuti onse, kulikonse, zambiri. Anaseka chapansipansi.

Akuti ndigule makhadi. Khadi limodzi liwu limodzi, zilembo zazikulu zoti ndiziziona ndili patali. Ndiwamate pakhoma, ndiziwasuntha, ndiziwaphatikiza atatuatatu mpaka atatu ena agwirizane. Otsalawo achoke, ngakhale ndiwakonde bwanji.

Lero lonse ndi munthu yekhayo amene wandifunsa funso losakhudza mapiritsi. Ndinachita kuchedwa dala pomanga chikwama.

Loweruka, 11 Okutobala

Makhadi ndagula, ndi maka yolembera, yakuda yonenepa. Kuchipinda kwanga penti imasupuka ukangoikhudza, ndiye ndamata pabalaza, pafupi ndi kalendala. OKALAMBA. BANJA. MATENDA. MZINDA. ANA. MASO. MANKHWALA. CHISAMALIRO. Khoma ladzaza koma mutu wanga ukadali wopanda kanthu.

Ndikuchokera kogula makhadiwo ndinapeza madzi atasefukira kukhitchini mpaka m'khonde. Bambo anatsegula mpope, madzi anali atasiya, n'kuiwala kutseka. Mabuku anga awiri ndinawasiya pansi, pambali pa kabati. Atupa ngati buledi. Koma kukolopa kwake! Ndowa ndinkachita kuimenyetsa pansi, mipando kuikoka mwaukali. Bambo anaima pakhomo la khitchini, mathalauza atapinda, n'kuti, "Ndithandize chiyani, mayi?" Ndinati, "Ingokhalani pansi, ndiye kundithandiza kwake." Anakakhaladi.

Madzulo ndawawenga zikhadabo za kumapazi, monga adokotala anati ndizichita ndekha kuopa zilonda. Ndatopa, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndatopa.

Lamlungu, 12 Okutobala

Foni sinalire. Bambo ndi wailesi yawo, ine ndi khoma langa.

Lolemba, 13 Okutobala

Lero zatheka!

Mayi wa ku laibulale wandionetsa chinthu. Pansi pa mutu wa nkhani iliyonse ya akatswiri pamakhala timawu timene wolembayo anasankha yekha. Akuti, "Musamavutike kupeka anu. Bwerekani awo, chifukwa kompyuta imadziwa amenewo." Tinatsegula nkhani zingapo za ana osamalira makolo, ndipo liwu limodzi linkangobwerabwera: mtolo. Mtolo wa osamalira. Ndinalemba atatu: okalamba, ana aakazi, mtolo.

Zinatuluka nkhani zochepa, zoti munthu n'kuziwerenga zonse. Ndipo iliyonse ngati wolembayo ankasuzumira pawindo langa. Mayi wina akuti amadzitsekera m'bafa n'kutsegula mpope kuti apume pang'ono. Wina akuti anzake anasiya kumuitana ku maukwati poti amakana nthawi zonse. Wina akuti amakwiya, kenako amadzida chifukwa chokwiya. Ndinawerenga mphuno ikutentha. Kani tilipo ambiri? Ndinamva ngati ndalowa m'chipinda chodzaza ndi anzanga, ngakhale sindidzaona nkhope ya ndi mmodzi yemwe.

Nditafika kunyumba, nsapato zili kuphazi, ndinamatula makhadi onse aja. Ndamata atatu okha mumzere: OKALAMBA, MTOLO, ANA AAKAZI. Ndinawalemba mothamanga, ndi chimwemwe. Bambo anali kuchipinda kwawo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

A Chepetsani avomera. "Apa ndiye mwabwera, mayi. Mabuku ake alipo, funso lake likuoneka. Mulembe bwinobwino, Lachisanu ndidzasaine." Anandiyamikira ana onse aja akumva. Wina anati, "Eee anti, mwatipitirira!"

Potuluka ndinatenga foni kuti ndiuze munthu. Ndinayenda ndi chala mayina onse mpaka pansi, n'kuibweza m'chikwama. Ndinagula malalanje.

Pa chakudya ndinati, "Bambo, mutu wanga auvomera." Anafunsa kuti ndi wonena za chiyani. Ndinati za mabanja basi. Anati, "Oho." Lalanje lawo analisenda bwinobwino koma sanadye, akuti adya mawa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Ndinalowa m'nyumba n'kumva fungo la maka. Pakhoma makhadi anga aja panalibe. Panali ena atatu atsopano, mawu omwewo, koma olembedwa ndi dzanja limene ndakula ndikuliona pa masitolo a mumsewu wathu. Zilembo zoongoka, zotalikirana mofanana, timizere ta pensulo tikuonekabe pamwamba ndi pansi. Bambo anali pa tebulo, zala zili bii, nsonga ya mphuno nayonso yakuda poti amalemba atagunditsa nkhope pa pepala.

"Zako zija zinali zopendekeka," anatero. "M wako amaoneka ngati wathyoka mwendo. Anthu akabwera angati m'nyumba muno mulibe wolemba."

Ndinangoima, chikwama chili paphewa. Masiku onsewa ndakhala ndikulemba zilembo zazikulu m'nyumba ya munthu amene amaona zilembo zazikulu zokha. Amene amawerenga katoni ya sopo chifukwa chosowa chowerenga. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe. Ndinkangoona khoma, osaona mpando umene wayang'anizana nalo.

"Lapakatilo ndalipatsa mthunzi," anatero, "poti ndiye lofunika."

Ndipo ndi zoona. MTOLO ali ndi mthunzi kumanja kwa chilembo chilichonse, ngati akufuna kutuluka m'khomamo. Chiwonongekere maso awo sanalembepo chinthu chokongola chotere.

Ndinati, "Bambo, izi ndi za kusukulu chabe."

"Ndikudziwa, mayi. Nanga kusukulu amaphunzitsa bodza?" Anapukuta zala pa thalauza. "Ndamuimbira mchimwene wako. Abwera Loweruka kudzanditenga. Iwe ulembe mayeso ako mwamtendere."

Analankhula mofatsa, ngati akunena za nyengo. Bola akanakalipa. Ndaphika, tadya, ndatsuka mbale.

Lachinayi, 16 Okutobala

Achimwene anaimba m'mawa ali osangalala. "Waona? Nkhalamba yaganiza yokha. Upume tsopano, mlongo wanga." Ndinati zikomo. Sakudziwa chilichonse, bambo sanawauze.

Ndinafuna kung'amba khadi lija ndisanapite ku ntchito. Dzanja linafika, koma linakana. Ndingang'ambe bwanji ntchito ya bambo? Komanso, pano poti palibe akuwerenga, ndinene: liwulo silabodza. Kulichotsa pakhoma sikulichotsa mwa ine.

Ku famase ndinkangoyang'ana anthu osawamva. Abwana anati ndikuoneka wodwala, ndipite. Sindinafikepo kunyumba masana a pakati pa sabata. Ndinatsegula chitseko mwakachetechete. Bambo anali pampando wa pawindo, atavala shati yoyera, nsapato zopolisha, tsitsi lopesa, manja pamaondo. Wailesi yozimitsa. Ndinafunsa ngati akupita kwinakwake. Anati ayi, amavala chonchi tsiku lililonse ndikangochoka, n'kuvula ndisanafike. "Munthu ukakhala ndi zogonera tsiku lonse umayamba kudziona ngati wodwala."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinati, "Kodi bambo, ine ndikachoka mumatani tsiku lonse?"

Anati, "Ndimadikira."

Amadikira nkhani za pa wailesi. Zikatha amazimitsa kuti mabatire asathe. Amadikira dzuwa lifike pa mwendo wa tebulo, ndiye kuti nthawi ya mapiritsi yakwana. Amadikira ana a sukulu adutse, akuti pali kagulu kena kamakangana za mpira tsiku ndi tsiku ndipo iwo ali ndi mbali yawo. Kenako amadikira geti. "Makiyi ako ndimawadziwa. Umayamba walowetsa wolakwika, kenako umatukwana pang'ono." Ndinaseka misozi ili m'maso. Iwo sanaseke.

Ndakhala nawo nyumba imodzi nthawi yonseyi, osadziwa kuti kuli shati yoyera. Nkhani zonse zija za ku laibulale anafunsa ife ana aakazi. Wokhala pampandoyo palibe anamufunsa.

Madzulo apinda malaya awo onse. Okha, mokhotakhota. Akana kuti ndiwathandize.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndinalawira ku laibulale. Mayi uja anadabwa. "Si munamaliza kale inu?" Ndinati ndikufuna kuyesa liwu lina. Okalamba, kudikira. Zinatuluka za mizere ya ku chipatala, zosandithandiza. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Tinayesa abale ake a liwulo: kusungulumwa, kukhala okha masana, kusamukira kwa ana. Tikachotsa ili, tikaika ilo. Mapeto ake tinapeza nkhani zitatu, ndipo imodzi ili m'buku limene wina anabwereka osabweza. Anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Zikachepa chonchi, mwina mwasochera, mwina mwafika pamene anthu sanapondepo. Ine sindingakuuzeni." Sanandifunse chifukwa chake. Anangondigwira pamkono.

Mutu watsopano: okalamba amene anasamukira kwa ana awo mumzinda, amatani masana anawo ali ku ntchito?

A Chepetsani sanakondwe m'pang'ono pomwe. "Wakale uja unali wokhoza kale. Uwu mabuku ake ali kuti? Apa ndiye mwachepetsa mopitirira." Ana anaseka, akuti chiyambire sanawamvepo akutero. Anati nkhani zitatu sizikwana, ndiyenera kukacheza ndi okalamba enieni, n'kupempha kaye chilolezo cha sukulu, pomwe nthawi yatha kale. "Mukagwa musadzandilirire. Mukusiyiranji chinthu chopsa kale?" Ndinati ndikufuna womwewu. Anapukusa mutu, n'kusaina. Mwina ndadzikumbira dzenje, kaya.

Kunyumba chikwama chawo chili kale pafupi ndi chitseko, ndodo pamwamba pake.

Titamwa tiyi ndinalimba mtima. Ndinati, "Bambo, sindikunamizani. Liwu lija masiku ena ndi loona. Ndimatopa, nthawi zina ndimakwiya. Koma ndikamalakwitsa kiyi pakhomopo, ndimakhala ndikuthamangira kumva wina akutsokomola m'katimu. Mukapita sindidziwa kuti ndizibwerera chiyani." Ndinawauzanso za mutu watsopano, kuti ndausintha, ndipo mwina ndigwa nawo.

Anazunguza kapu m'manja. Anati, "Wachita zopusa. Wakale uja anali atauvomera." Kenako, "Tiyi wazizira." Basi, n'kupita kokagona.

Loweruka, 18 Okutobala

Achimwene afika m'mawa ndi galimoto, phokoso lawo lomwe lija, moni wa mumsewu wonse. Bambo anali atavala shati yoyera ija. Achimwene ananyamula chikwama n'kuima pakhomo. "Tiyeni bambo, apongozi anu aphika kale."

Ndinangopita pakhoma, n'kumatula khadi lapakati, n'kutenga lina losalemba ndi maka. Ndinaziika pa tebulo patsogolo pawo. Ndinati, "Musanapite mundilembereko limodzi. Ine M ndimathyola miyendo, nanga K ndimutha?"

"Liwu lanji?"

"Lanu lija. Kudikira."

Anatambasula dzanja, n'kupapasa khadilo m'mbali mwake. Anavundukula maka, n'kuiyesa pachikhatho, n'kuinunkhiza. "Yauma iyi. Ndipo timakhadi takoti n'topyapyala, inki imadutsa. Liwu limeneli ndi lalitali, likufuna pepala lolimba." Anayamba kuyeza ndi chala chachikulu, milomo ikuwerenga zilembo.

Achimwene amvekere, "Bambo, chikwamachi ndikaike m'galimoto?"

"Taima kaye iwe, sukuona tili pa ntchito?" Anatembenukira kwa ine. "Sitolo ya mapepala ija Loweruka imatseka msanga. Ukagule Lolemba, maka ziwiri, yonenepa ndi yowonda. Lero tingojambula mizere." Ndinati chabwino. Ndinatenga khadi la MTOLO kuti ndikaliike mu kabati, koma anamva kukhwekhwereza kwake. "Limenelo usataye. Ndinalivutikira. Libwezere pakhoma, koma chakumbali."

Ndalibwezera chakumbali.

Ndikulemba izi kukhitchini, madzi a tiyi ali pa moto. Achimwene akhala pa mkono wa sofa, akuimbira alamu monong'ona, akuti sakumvetsa chimene chikuchitika. Chikwama achisiya pakati pa khomo, sichinalowe, sichinatuluke. Bambo akusongola pensulo ndi mpeni wa masamba.

Akundiitana, akuti ndikagwire rula.